Buku Logula Lomwe Silikhala Lako

Mu July 2009, anthu ena ku America omwe amawerenga mabuku pa kachipangizo kotchedwa Kindle anadzidzimuka atapeza kuti mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, asowa m'zipangizo zawo. Palibe mbala yomwe inathyola chitseko. Kampani ya Amazon, yomwe inawagulitsa mabukuwo, ndiyo inawafufuta kudzera pa intaneti n'kubweza ndalama, itazindikira kuti amene anawaika pamsika analibe chilolezo. Mkulu wa kampaniyo, Jeff Bezos, anachita kupepesa poyera. Mu 2019 Microsoft nayo inatseka sitolo yake ya mabuku otere, ndipo onse omwe anthu anagulako analeka kutseguka, ngakhale kuti ndalama zinabwezedwa.

Zimenezi zimatheka chifukwa mabuku ambiri ogulitsidwa pa intaneti amakhala ndi loko wosaoneka, wotchedwa DRM, yemwe kiyi wake amatsala m'manja mwa wogulitsa. Buku limatseguka pa zipangizo zokhazo zomwe iye wavomereza, ndipo silingakoperedwe kapena kupatsidwa kwa munthu wina.

Tisathamangire kunyoza lokoyu. Buku la papepala, kuti ulibe, uyenera kulinyamula. La pa foni limabereka ana zikwizikwi popanda wina kutaya ngakhale tambala, ndipo tonse taona mabuku athunthu akuyenda m'magulu a WhatsApp ngati usipa wogawana padoko. Wolemba anachezera usiku zaka zambiri, naye ali ndi ana ofuna chakudya. Bungwe la akatswiri a fiqh la International Islamic Fiqh Academy, litakumana ku Kuwait mu 1988, linagamula kuti ufulu wa wolemba pa ntchito yake ndi wotetezedwa m'Shariya, ndipo kuuphwanya sikololedwa. Pamenepo ine ndilibe mtsutso.

Mtsutso wanga uli pa dzina la pangano. M'maphunziro a malonda timaphunzitsa ana kuti kugulitsa, bai', ndiko kusamutsa umwini wonse kuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula. Chinthu chikakhala chako, ungachibwereketse kwa mnansi, ungachipereke ngati mphatso, ungachigulitsenso, ungachisiye pamzikiti ngati wakfu, ndipo ukamwalira chimalowa m'chuma chamasiye. Kitabu chakale cha agogo, chothimbirira ndi utsi chija, chadutsa m'manja mwa mibadwo itatu popanda wopempha chilolezo kwa amene anachisindikiza. Koma mawu a pangano la Kindle, omwe ambiri timangodinapo osawawerenga, amanena kuti bukulo silinagulitsidwe kwa iwe. Wangopatsidwa chilolezo choliwerenga, ndipo chilolezocho sungachisamutsire kwa wina.

Ngati si malonda, ndiye n'chiyani? Mwina ndi lendi, ijara. Komatu lendi imafuna kuti nthawi yake idziwike: mwezi, chaka, nyengo imodzi ya usodzi. Ndani angachite lendi bwato atauzidwa kuti mwini wake adzalitenga tsiku lililonse lomwe bizinesi yake yagwa, ngakhale uli pakati pa nyanja? Kusadziwika kotereku ndiko ma ulama amakutcha gharar. Komabe batani lomwe wogula amadina limalembedwa mawu oti gulani. Tikudziwa nkhani ya Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale naye) pamene anapisa dzanja mumulu wa chakudya pamsika n'kupeza chonyowa chitabisidwa pansi, chouma chili pamwamba. Sanadzudzule kugulitsa chonyowacho, anadzudzula kuchibisa. Boma la California linafika pamfundo yomweyi mu 2024, pokhazikitsa lamulo loletsa masitolo a pa intaneti kugwiritsa ntchito mawu oti kugula popanda kufotokoza momveka kuti wogula akungolandira chilolezo.

Funso lovuta kwambiri ndi la kuthyola lokoyo, pakuti mapulogalamu ochitira zimenezo alipo. Ku America lamulo la 1998 lotchedwa DMCA limaletsa kutero, ngakhale bukulo unalilipira, kupatula pa zifukwa zochepa. Pangano la mayiko la ku Marrakesh la 2013 linatsegula khomo kwa anthu osaona, kuti loko asawatsekereze mabuku omwe makina angawawerengere mokweza. Wothyola loko kuti amwaze buku kwa anthu omwe sanalipire wadya thukuta la mnzake, ndipo kunena kuti maphunziro sagulitsidwa sikumuyeretsa. Koma amene walipira mtengo wonse, n'kungofuna kusunga kope lake kuti lisadzazimiririke limodzi ndi sitolo, sindingamutche mbala. Ndingomukumbutsa kuti anavomera pangano, ndipo Msilamu sasewera ndi pangano lomwe anavomera, ngakhale lili lokhota. Njira yoyera kwa iye ndiyo kufunsa asanalipire, ndi kusankha mabuku opanda loko kumene alipo, kapena a papepala.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi tsiku logawa mirathi. Tidzawerenga maukonde, njinga, mbuzi ndi mabuku a mubokosi. Kenako mwana wamkulu adzatulutsa foni ya malemu, yodzaza ndi mabuku omwe bambo ake analipira ndi ndalama za thukuta lawo, n'kufunsa kuti gawo la alongo ake ndi liti pamenepo. Malinga ndi pangano lija, sheikh adzayankha kuti palibe chogawa.