Shuga wotsika mtengo ndi funso lomwe sindinafunse

Sabata ino cholembera chagwera ine, mayi wa pa benchi ya shuga, sopo ndi mchere mumsika wa Ndirande, ndiye mundipirire. Pali funso lomwe lakhala likundisowetsa tulo, ndipo ndaona kuti ndikutulireni inu. Kodi munthu amene wagula chinthu osafunsa komwe chachokera, chikhalirecho mumtima akudziwa kale yankho lake, tingati ndi wosalakwa?

Lachiwiri lililonse kwathu kuno kumabwera lole yochokera ku sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe. Imatsitsa katundu m'magolosale a ku Ndirande, n'kupitirira ku Chirimba mpaka ku Lunzu. Dalaivala wake ndi bambo wachikulire, waulemu, tonse timangomuti achimwene. Musanamuweruze, tamvani ntchito yake. Amadzuka kusanache kuti akaone katundu akupakiridwa, n'kusainira katoni iliyonse. Tsiku lonse amangokwera n'kutsika, kukangana ndi eni magolosale ofuna ngongole, kuyankha foni ya abwana yofunsa kuti wafika pati. Mafuta akasowa amagona pa mzere m'galimoto momwemo, ndipo usiku umenewo palibe amamulipira. Chigubu cha mafuta ophikira chikabooka m'msewu wa maenjewu, amamudula pa malipiro. Munthu wanyamula katundu wa mamiliyoni, koma masana akudya chimanga chootcha ndi madzi a m'jumbo. Ndaona ndi maso angawa.

Mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mpamba wanga unafota ndikuona. Kumayambiriro kwa 2024 shuga naye anasowa, chonsecho amapangidwa ku Nchalo konkuno. Nthawi imeneyo ndi pomwe achimwene aja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Asisi, ndili ndi mabelo awiri ong'ambika, kusitolo sangawalandire. Muwatenge motsika." Mnyamata wotsitsa katundu anawasenza mpaka pa benchi yanga. Nditawatembenuza, sindinaone pong'ambika paliponse. Mapaketi 20 m'belo lililonse, onse abwinobwino. Ndinangomasula kansalu ka m'chiuno n'kuwerenga ndalama.

Sindikunamizani, ndalama ya shuga ameneyo inandithandiza. Ndinamalizira fizi ya mwana, ndinabweza ngongole ku banki m'khonde. Zinachitika kanayi, ndipo ulendo uliwonse mabelo ankakhala "ong'ambika".

Lachiwiri lina lole inabwera ndi mnyamata wachilendo. Nditafunsa za woyamba uja, anandiuza kuti kusitolo anawerengera katundu n'kupeza shoti. Dalaivala wagwira ntchito zaka zambiri, abwana amamukhulupirira, ndiye mlandu unagwera mnyamata. Anamuchotsa, malipiro a mwezi umenewo osamupatsa. Patapita miyezi ingapo ndinakumana naye ku Limbe akukankha wilibala ya katundu wa anthu. Anaima n'kundipatsa moni wa manja awiri. "Mayi, muli bwanji? Geni ikuyenda?" Abale, ndinasowa poyang'ana. Iye ndi amene ankasenza mabelo aja. Ankadziwa bwinobwino komwe shoti yake inathera, koma sanatchule dzina langa, kwa abwana ngakhale kwa ine ndemwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuzenga mlandu mumtima, woimbidwa mlandu ndine, loya ndine ndemwe. Loyayu ali ndi mfundo zake, ndipo si zopusa ayi.

Amati abwana ndi olemera, mabelo asanu ndi atatu sangawamve, komanso akanamalipira bwino antchito awo zoterezi bwenzi kulibe. Paja amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mbali ina ndikuvomereza. Bwana amene amapatsa munthu makiyi a galimoto yodzaza n'kumamulipira ndalama yosafika pakati pa mwezi, nayenso ali ndi choyankha. Koma taonani komwe chitayiko chinapita. Sichinakwere kwa abwana. Chinatsika ngati madzi a mvula, kufunafuna pamalo otsikitsitsa, ndipo pamenepo panali mnyamata wopanda womulankhulira. Ndikudziwa kuti zimayenda choncho chifukwa nanenso ndili ndi mtsikana wondithandiza pa benchi. Madzulo ndalama ikaperewera, munthu woyamba kumukayikira amakhala ndani? Si mwamuna wanga amene amatapa m'kachitini akamadutsa. Ndi mtsikanayo. Tikamadzitonthoza kuti tikubera olemera, nthawi zambiri amene amalipira ndi mnzathu wosauka kuposa ife.

Loya uja amatinso ndikanakana ine, wina akanagula. Izi ndi zoona ndithu, moti lero alipo amene akugula. Koma mawu amenewa angakhululukire chilichonse pansi pano. Wogula foni yolandidwa m'minibasi amatero, wogula mankhwala obedwa kuchipatala amateronso. Aliyense akumaloza mnzake wa kumbuyo kwake pa mzere, osaona kuti mzerewo ulipo chifukwa iyenso waimapo. Dalaivala sangatsitse belo mumsika momwe mulibe woti alilandire.

Mfundo yomwe ndinaikakamira kwambiri ndi yakuti sindinabe, ndinagula, ndipo anandiuza kuti ndi ong'ambika. Malamulo a dziko lino amati kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wakuba ndi mlandu, koma tisiye za kukhoti. Ine ndine wa geni. Ndimadziwa mtengo wopikulira chinthu chilichonse pa benchi yanga, ndingakuuzeni ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Pogula tomato wa ndiwo ndimafunsa mafunso khumi, ndimadina, ndimanenerera. Nanga bwanji pa shuga, wosowa dziko lonse, wobwera motsika mtengo, pakamwa panga panatsekeka? Ndinakhala chete dala, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikafunsa ndimva yankho, ndipo ndikamva yankho fizi sipezeka. Kusafunsa kuja inali ntchito, ndinaigwira mosamala kanayi konse.

Mwina wina mwa inu akuti, mayi inu mukudzizunza ndi zazing'ono, anthu akuba mabiliyoni kunjaku akugona tulo tabwino. Eya, akugona. Koma mnyamata uja sanachotsedwe ntchito chifukwa cha mabiliyoni. Anachotsedwa chifukwa cha mabelo asanu ndi atatu omwe anathera pa benchi yanga, m'timajumbo tomwe ndinamanga ndi manja angawa.

Ndinasiya kugula. Musandiombere m'manja, chifukwa sizikukoma. Achimwene aja amandipatsabe moni mwaulemu n'kupitirira mabenchi ena, ndipo kumeneko shuga amatsikirako mtengo kuposa kwa ine. Makasitomala anga ena anasamukira komweko, ndipo sindingawadzudzule, nawonso akuwerengera makobidi awo osafunsa. Masiku ena geni ikavuta, ndikaona lole ija ikukhota, mtima umandiuza kuti kamodzi kokha sikangaphe munthu.

Dalaivala sindinamunenere kwa abwana ake. Ali ndi ana, ndipo ndikamunenera ndiye kuti ndadzinenera ndekha. Mnyamata uja sindinamupepesebe. Kawiri konse ndamuona ku Limbe n'kudutsira tsidya lina la msewu. Ndinaikako kandalama pambali koti ndikamupatse, koma sindikudziwa kuti ndikayamba ndi mawu ati, ndipo ndikuopa kuti mwina ndikungofuna kugula tulo tanga motsika mtengo, ngati shuga uja.

Ndiye ndikufunseni inu. Mukanakhala ine, mukanapita kwa mnyamatayo yekha, kapena mukanafikanso kwa abwana n'kukayeretsa dzina lake, ngakhale zitatanthauza kuti bambo wa ana aluza ntchito, inunso n'kutchedwa wakuba mumsika monse? Ndiyankheni moona, osati zongokometsa pakamwa. Lachiwiri lole ibweranso.