Danieli ndi Mphika wa Amayi a ku Asia

Kuwerenga: Danieli 1:8-16

Nkhani ya Danieli tinaimva kale tili ana. Mnyamata uja ali ku ukapolo ku Babulo anakana zonona za patebulo la mfumu, napempha kuti iye ndi anzake atatu ayesedwe masiku khumi ndi zakudya za m'munda ndi madzi basi. Masikuwo atatha, iwo ndiwo anaoneka athanzi. Danieli anachita izi posunga chikhulupiriro, osati chifukwa cha dokotala. Komabe taonani kuti sanakane kudya ayi. Anasankha mwa zimene zinalipo m'dziko lomwelo.

Lero tiganizire amayi anzathu a ku Asia, amene ali pa mayeso ofanana. Ku India kokha, kafukufuku wa 2023 anapeza kuti anthu pafupifupi 101 miliyoni ali ndi matenda a shuga. Chodetsa nkhawa nchakuti anthu a kumeneko amadwala shuga ndi mtima ngakhale asali onenepa kwambiri, pakuti mafuta awo amaunjikana m'mimba. Mu 2004 akatswiri a bungwe la WHO anachenjeza za zimenezi. Mayi wa ku Asia chiuno chake chikangofika masentimita 80, madokotala amati ayambe kusamala.

Ambiri akulangizidwa kutsata kadyedwe ka anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, monga ku Greece, Italy ndi Spain: masamba ambiri, zipatso, nyemba, mphodza, nsomba, mtedza ndi mafuta a azitona, koma nyama yofiira ndi zotsekemera pang'ono pokha. Nyanja imeneyi ndi yomwe ili kumadzulo kwa dziko limene Ambuye wathu anadyeramo mkate ndi nsomba. Ku Spain anayesa kadyedweka pa anthu achikulire 7,447, oposa theka anali amayi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013, nazikonzanso mu 2018, ndipo zinaonetsa kuti ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko inatsika ndi magawo pafupifupi 30 pa 100.

Koma mayi wosauka wa ku India angawapeze kuti mafuta a azitona? Ndi odula zedi. Ndipo ndani angamuuze kuti asiye mpunga, chakudya chimene anakula nacho? Tingoyesa kuuzidwa ife kuti tisiye nsima!

Apa ndi pamene pali nzeru ya Danieli. Mphika sautaya, amangosintha muyeso. Mpunga woyera uchepe m'mbale, m'malo mwake mulowe mphodza ndi masamba. Masiku ena aphike mawere kapena mapira, mbewu za makolo zimene anthu anazinyoza kuti nzaumphawi, mpaka bungwe la United Nations linazipatsa chaka chawochawo mu 2023, India ndiye atapempha. Mafuta akhale a mpiru kapena a mtedza, osati okazingira kawiri katatu. Ku Japan ndi Korea nsomba ndi soya ali nazo kale. Vuto lawo ndi mchere, umene WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku.

Chondiwawa ine nchakuti m'makomo ambiri a ku India mayi amadya pomalizira, abambo ndi ana atakhuta. Nsomba yatha, mphodza zatha, iye watsala ndi mpunga ndi msuzi. Malangizo a dokotala amugwira bwanji mayi wotere? Paulo analembera Akorinto kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo sanapatulepo thupi la wophika.

Pa msonkhano wathu wa mwezi uno tiwakumbukire m'mapemphero amayi amenewa, makamaka amene angouzidwa kumene kuchipatala kuti ali ndi shuga ndipo madzulo ano ayimanso pamoto kuphikira banja lonse.