Riveti Yapindika? Ndege Ikumangidwabe!

Anzanga omanga ndege m'magaraja, dzutsani mitu! Riveti yapindika? Zimachitika. Rivet gun yaterereka n'kusiya chipsera pa lata? Zimachitika. Bowo lakula? Mankhwala ake alipo. Koma chifukwa chotsekera garaja ndiye palibe.

Ndege imodzi ya RV imadya mariveti oposa 10,000. Kampani yake, Van's Aircraft ya ku Oregon, imene Richard VanGrunsven anayambitsa mu 1973, ili ndi ndege zoposa 10,000 zimene zinauluka kale, zambiri zomangidwa ndi anthu wamba ngati ife tomwe. Mukuganiza kuti onsewo sanakhotetsepo riveti? Anakhotetsa. Anakonza. Anauluka!

Ndiye riveti ikavuta, musathamangire dirilo. Yambani mwayeza. Mutu wa kuseri uja, umene bucking bar imaphwanya, ukhale wotambalala kamodzi ndi theka poyerekeza ndi kunenepa kwa riveti, ndipo msinkhu wake ukhale theka la kunenepako. Ikani geji. Yakwana? Isiyeni! Riveti yosaoneka bwino si riveti yofooka ayi. Nthawi zambiri imagwira kuposa yatsopano yolowa m'bowo limene lakula pochotsa inzake. Koma ngati yang'ambika, yagonera mbali imodzi, kapena mutu wake sunakhale bwino pa lata, imeneyo ituluke basi.

Potulutsa, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Riveti ya AD ili ndi kadzenje pakati pa mutu, ndipo dirilo ilowere pomwepo. Ya 3/32 inchi imafuna dirilo ya nambala 40, ya 1/8 imafuna ya nambala 30. Bowolani mutu wokha, osapyoza. Lowetsani pin punch m'kabowoko, mupendeke pang'ono, mutu uti thyo! Kenako chirikizani lata kuseri, mugogode thunthu lotsalalo mpaka ligwe. Mwaona? Bowo lili bwinobwino. Manja ake ndi anu omwewa.

Nanga bowo likakula ndithu? Musagwire njakata. Pali riveti ya NAS1097, imene omanga ndege amaitcha oops rivet. Thunthu lake ndi la 1/8, koma mutu wake ndi waung'ono, wokwana pamalo pa riveti ya 3/32. Bowolani ndi nambala 30, ikani, menyani, pitirirani. Ingoonetsetsani kuti kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete mwa lata pali mpata wosachepera kawiri kunenepa kwa riveti. Ngati chidutswa chaonongekeratu, itanitsani china. Mtengo wa chidutswa chimodzi ndi wochepa poyerekeza ndi moyo umene chidzanyamule.

Ndipo funsani! Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Vuto likakhala pa spar, msana wa phiko, jambulani chithunzi mutumize kwa amene anakonza pulani ya ndegeyo musanakhudze kanthu. Bungwe la EAA, limene Paul Poberezny anayambitsa mu 1953 ku Milwaukee, lili ndi alangizi odzipereka amene amayendera omanga ndege n'kuona ntchito yawo. Muonetseni mlangizi riveti imene mukuchita nayo manyazi kwambiri. Iye anaonapo zoposa pamenepo.

Luso limabwera ndi kumenya. Tengani zotsalira za aluminiyamu. Menyani mzere wonse. Chotsani mzere wonse. Menyaninso. Khutu lizolowere kulira kwa rivet gun, dzanja lizolowere kulemera kwa bucking bar. Ambiri amayambira kumchira, ndipo pofika kumapiko manja amakhala atakhwima.

Mukuti ndinu osaphunzira za ndege? Mu 2019 achinyamata 20 a ku South Africa analumikiza ndege ya Sling 4, ndipo ndegeyo inauluka kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, n'kuterako ku Malawi pa ulendowo. Ana asukulu! Nanga inu mwatsala pati?

Maso muli nawo. Geji muli nayo. Kudekha muli nako. Yezani, siyani yoyenera kusiya, chotsani yoyenera kuchotsa, funsani pamene pavuta. Yatsani kompresa, anzanga, valani zoteteza makutu. Mzere wotsatira ndi wa lero lomwe. Tiyeni timenye!