Wochotsa Thadzi Asenze Udindo Wake

Masiku ano m'mabanja ambiri, m'matauni ndi m'midzi momwe, mwayamba kupezeka makina oswera mazira. Ena ndi a magetsi, ena a mphamvu ya dzuŵa, ena a palafini. Phindu lake n'loonekeratu: kabokosi kamodzi kamalandira mazira ochuluka kuposa amene thadzi lingafungatire, ndipo thadzilo limapitiriza kuikira m'malo mokhala pachisa milungu itatu. Komabe, abale, tiyeni tidzifunse: kodi n'koyenera kuti munthu alande thadzi ntchito yake? Nanga akailanda, wasenza chiyani?

Luso limeneli silinayambe dzulo. Aejipito akale ankaswetsa mazira ambirimbiri m'nyumba za njerwa zofunditsidwa ndi moto. M'chaka cha 1749 katswiri wa ku France, Réaumur, anasindikiza buku lofotokoza kaswetsedwe ka mazira popanda nkhuku. Kwathu kuno, nkhuku zakuda za Mikolongwe zinafalikira m'midzi kudzera mwa anapiye oswedwa ndi makina. Choncho palibe cholakwa kuti munthu agwiritse ntchito nzeru zake pofuna ndiwo ndi ndalama za sukulu ya ana. Cholakwa chimabwera pamene tikondwera ndi mphamvu yatsopanoyi, n'kuiŵala udindo umene umabwera nayo limodzi. Pajatu walira mvula walira matope.

Taganizani zimene thadzi limachita mwakachetechete. Kwa masiku 21 limafunditsa mazira usana ndi usiku, limaŵatembenuza ndi mlomo, ndipo limangochokapo kanthaŵi kochepa kukadya ndi kumwa. Tikalichotsa, ntchito zonsezi sizitha ayi; zimagwera ife. Ndife tiyenera kusankha mazira a nkhuku zoyenda ndi tambala, osapitirira sabata imodzi chiikidwire. Ndife tiyenera kuonetsetsa kuti kutentha kuli pafupi ndi madigiri 37.5, ndi kuti m'kambale muli madzi osunga chinyezi. Ngati makinawo satembenuza okha, ndife tiyenera kutembenuza mazira katatu kapena kupitirira pa tsiku, kufikira tsiku la 18. Pakatha sabata timaŵaunika ndi tochi m'chipinda cha mdima, kuti tione timitsempha ta magazi ndi kuchotsa osukusa. Magetsi akazima pakati pa usiku, thadzi likadakhalabe pachisa. Tsono ndife tiyenera kudzuka ndi kufunditsa kabokosiko bulangete. Makina saopa kanthu, sada nkhaŵa, sakonda. Mtima wa ntchitoyi uyenera kuchokera kwa mwini wake.

Dzira limatiphunzitsanso malire a mphamvu zathu. Tingakhale ndi makina odula chotani, sitingathe kulamula moyo kuti ufulumire. Wokweza kutentha pofuna anapiye msanga amapeza akufa kapena opunduka. Ngakhale pa tsiku lomaliza, mwanapiye akaboola chigoba angathe kutha tsiku lathunthu asanatuluke. Ife timamva kulira kwake, chifundo n'kutigwira, zala n'kumafuna kumusendera chigobacho. Koma nthaŵi imeneyo timitsempha take timakhala tisanaume, ndipo womuthandiza mopupuluma angathe kumutayitsa magazi mpaka kumupha. Chifundo chosadziŵa kudikira chimapweteka amene chimafuna kumupulumutsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayeso aakulu amadza anapiye akaswa. Apo ntchito ya makina yatha, koma ya thadzi inali itangoyamba kumene. Mwanapiye amatuluka ndi chakudya cha masiku aŵiri kapena atatu m'mimba mwake, chotsalira cha mbali yachikasu ya dzira. Kupitirira apo amafuna womufungatira, womuonetsa madzi, womubisa kwa kabaŵi ndi makoswe. Popeza mayi wake palibe, ife tiyenera kumukonzera malo ofunda pafupifupi madigiri 35 m'sabata yoyamba, kumugulira chakudya choyenera ndi kumupatsa katemera wa chitopa. Tikumbukirenso kuti pafupifupi theka la anapiyewo adzakhala atambala, amene sadzaikira dzira, koma nawonso adzafuna kudya. Munthu woika mazira 60 m'makina pamene khola ndi thumba lake zingasunge anapiye 20 okha, waitana moyo umene sangathe kuulera. Mwanapiye wofa ndi kuzizira pakona ya khitchini sanapemphe kuti aswedwe, tinamuitana ndife. Kupha nkhuku ya ndiwo ndi chinthu china, kuisiya izunzike chifukwa cha kusalingalira kwathu ndi chinanso.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili: n'koyenera kuloŵa m'malo mwa thadzi, pokhapokha tikaloŵamo kotheratu. Tiŵerenge khola, chakudya ndi nthaŵi yathu tisanaŵerenge mazira.

Phunziro limeneli silithera m'khola. M'moyo wa masiku ano tapeza njira zambiri zoimira munthu. Mwana timamutumiza ku sukulu yogonera komweko, kapena kumusiyira foni kuti atonthole. Agogo kumudzi timaŵatumizira ndalama pa lamya. Zonsezi zingakhale zabwino, monga momwe makina oswera alili abwino. Koma zimapereka kutentha kokha, osati phiko. Fizi ikalipidwa, kulera kudakalipo. Ndalama zikafika, kucheza kudakalipo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Choncho banja likagula makina otere, ana asamangoitanidwa pa tsiku loona anapiye akutuluka. Apatsidwe gawo la kutembenuza mazira, kuthira madzi ndi kusesa m'khola. Potero adzakula akudziŵa kuti chilichonse chamoyo chimene munthu wachibweretsa pakhomo chimakhala m'manja mwake, tsiku losangalatsa ndi usiku wozizira womwe.