Chingwe N'chathu, Msipu Ngwa Ena

Ku America andale anatseketsa maofesi ambiri a boma kwa masiku 35, kuyambira pa 22 Disembala 2018 mpaka pa 25 Januwale 2019, akulimbirana khoma. A Donald Trump ankafuna madola 5.7 biliyoni omangira chipupa m'malire a dziko lawo ndi Mexico, a chipani cha Democrat n'kukana kwamtuwagalu. Amene anapsa nawo moto umenewu ndi antchito a boma pafupifupi 800,000 omwe malipiro awo anaima, ena mwa iwo alonda a m'malire momwemo.

Tisawaseke abale. Ifenso mu 2007 aphungu a MCP ndi UDF anakana kukambirana bajeti pokhapokha Sipikala atayamba wachotsa anzawo omwe anathawira ku DPP, nkhani ya Gawo 65 ija, ndipo bajetiyo inachita kudutsa mu Seputembala chaka cha boma chitayamba kale mu Julaye. Kukoka chikwama cha dziko ngati chingwe cha mpikisano timakudziwa bwino. Koma pa nkhani ya alendo sindinawamve andale athu akukangana mpaka thukuta kamukamu, ndipo chete ameneyu amandiopsa kuposa phokoso la ku Washington. Wothawa kwawo savota, ndiye am'kanganire ndani?

Kuchokera pano pa Madisi, mukatsika ndi msewu wa M1 kudutsa pa Mponela n'kukhotera kolowera ku Dowa boma, mufika pa Dzaleka. Akuluakulu akudziwa kuti malowa anali ndende ya a Kamuzu, kumene ankatsekerako okaikiridwa pa ndale komanso a Mboni za Yehova. Dzina lenilenilo ndi kulira kwa munthu wolapa. Mu 1994, chaka cha chisankho cha matipate, ndendeyo inasanduka msasa wa othawa nkhondo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Anaukonzera anthu osapitirira 12,000, koma pofika 2023 munali anthu oposa 50,000.

Lamulo lathu la 1989 ndi mfundo zomwe dziko lino linakana posaina pangano la 1951 zimati wothawa kwawo azikhala mumsasa, asamagwire ntchito kapena kuchita malonda momasuka. Kwa zaka zambiri boma linkangoyang'ana kumbali, anthuwo n'kumatsegula maokala m'matauni ndi m'misika. Mu Epulo 2021 unduna woona za chitetezo cha m'dziko, pansi pa a Richard Chimwendo Banda, unalamula kuti onse abwerere. Khoti linaimitsa kaye, kenako mu 2022 linatsegula njira. Pa 17 Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kusesa mu Lilongwe, ndipo anthu mazanamazana, amayi ndi ana omwe, anakagona ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka.

Sindikuti boma lisadziwe amene walowa m'dziko. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu omwe apolisi anati ndi a ku Ethiopia, okwiriridwa ngati zinyalala. Malire obooka amapha anthu, ndipo amalemeretsa ozembetsa anzawo. Wapolisi wa pa chipata akafunika galimoto, mafuta ndi malipiro okwana kuti asatambasule dzanja, phungu wokaniza ndalama zimenezo pofuna kukhaulitsa chipani cholamula ndi mnzake wa wozembetsa uja, kaya adziwa kaya sadziwa. Ngakhale dandaulo la mwini golosale pano pa Madisi, woti Mburundi amagulitsa sopo motchipa mpaka iye kutseka, si lopanda mutu. Ali ndi ana nayenso.

Funso langa lili apa. Kwathu kuno ukamanga mbuzi pachingwe, udindo woisunthira pa msipu ndi wako. Ikafa ndi njala pachikhomo, anthu sanena mbuzi, amanena iwe. Mafuta a malole osesera anthu aja anapezeka m'thumba la boma. Chakudya choti anthuwo akadye atafika ku msasa tinasiyira a WFP ndi a UNHCR, ndipo chaka chomwecho cha 2023 a WFP anadula thandizo lawo chifukwa ndalama zinawachepera. Munthu amene dzulo ankadzidyetsa yekha, kulipira lendi kwa Mmalawi, kulemba ntchito mnyamata wa pamudzi pano, tam'landa khasu n'kumuuza kuti adikire mzungu. Eti chimenechi ndiye chitetezo? Anthu 50,000 anjala opanikizana paphiri limodzi, mitengo ya nkhuni itatha, madzi akuchita kulimbirana ndi midzi yoyandikana nayo, akutetezani bwanji inu a ku Dowa?

Komanso tisamaiwale msanga. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dziko losaukali linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri ankakhala m'midzi, kumwa chitsime chimodzi ndi eni nthaka. Lero ndi ana athu amene ali alendo. Ndi mudzi uti kuno ku Dowa kapena ku Ntchisi umene ulibe mnyamata ku Joni? Akagwidwa opanda mapepala amakatsekeredwa ku Lindela, ndipo mu 2008 ndi 2015, eni dziko atawaukira, tinalira tonse kuti aphungu onse, a boma ndi otsutsa, apeze ndalama za mabasi okawatenga. Pamenepo panalibe wofunsa kuti mwanayo anadutsa bwanji pa Beitbridge.

Bajeti ikamabwera ku Nyumba ya Malamulo, aphungu amadzuka mmodzimmodzi kupempha milatho, mijigo ndi nyumba za apolisi. Ndikufuna ndidzamve phungu mmodzi wa boma lino la Dowa, wa chipani chilichonse, ataimirira pa gawo la ndalama za chitetezo cha m'dziko n'kufunsa nduna kuti pa makwacha onse ogulira maunyolo ndi mafuta a malole, ndi angati omwe alembedwa kuti ngogulira ufa wa anthu omwe malolewo akawatsitse pa Dzaleka.