Mlendo Kapena Mbadwa?

Caka cina, m'mudzi wina wa ku Katete, ana a sukulu ya Sande anakonza sewero la kubadwa kwa Ambuye. Posowa cidole, anabwereka khanda leni-leni la mai wina wa mumpingo, naligoneka m'licero m'malo mwa modyera ng'ombe. Zonse zinayenda bwino kufikira abusa a nkhosa analowa ndi zibonga zao. Pomwepo khanda lija linadzidzimuka nililira kolimba, ndipo mtsikana wokhala Mariya anasowa cocita, kufikira mwini mwana ananyamuka namyamwitsa pamaso pa mpingo wonse. Anthu anaseka. Koma titaturuka, mkulu wina wa mpingo, munthu wacikulire ndi woopa Mulungu, ananditengera pambali nati, "Abusa, caka camawa zisacitikenso zotere. Tawanyazitsa Ambuye. Kodi Mwana wa Mulungu nkulira cotero ngati ana a kwathu kuno?"

Sindinawayankhe bwino tsiku lija, pakuti ndinali mnyamata m'ubusa, ndipo iwo anali a msinkhu wa atate anga. Koma funso lao ndakhala ndirikulitembenuza mumtima zaka zambiri, ndipo ndaona kuti pansi pace pagona funso lina lalikuru, limene mkristu ali yense ayenera kuliyankha asanaphe nkhuku ya Krisimasi. Pamene Mwana wa Mulungu anadza pansi pano, kodi anadza monga mlendo, kapena monga mbadwa ya pamudzi?

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo ife tidziwa kumsunga mlendo. Timyalira mphasa yatsopano, timphera nkhuku ngakhale iri imodzi yokha, ndipo ngati mwamuna ndi mkazi anali pa ndeu, ayamba aiika pambali kufikira mlendo atapita. Nkhokwe ikhale yopanda kanthu, mlendo sauzidwa. Ndi mwambo wokoma, ndipo sindiunyoza. Koma taonani kuti m'kati mwa ulemu umenewu muli mpanda: timlemekeza mlendo pomubisira moyo wathu. Ndiopa kuti ambiri a ife timlandira Yesu comweco. Tisesa bwalo, tiphika mpunga, tibveka ana zobvala zatsopano, ticezera usiku ndi nyimbo. Ndipo pakapita masiku awiri mlendo wacoka, ife tibwerera ku zinthu zimene sitinafune kuti azione: ngongole, mlandu wa malire a munda, cithumwa ca m'cuuno mwa mwana, mbale amene sitilankhula naye.

Alipo wina wokhalitsa koposa mlendo, ndiye mkamwini. Iye alima, amanga nyumba, abala ana, koma mudzi suli wace; ukwati ukatha anyamula khasu ndi nkhwangwa nabwerera kwao. Akristu ena aganizira Ambuye motero, kuti anadza kudzagwira nchito, ndipo itatha anabvula thupi monga munthu abvula malaya a kumunda. Mauthenga Abwino satero. Atauka kwa akufa anali nazo zipsera za misomali, anadya nsomba pamaso pa ophunzira ace, nakwera kumwamba ali nalo thupi lomwelo. Umunthu umene anautenga m'mimba mwa Mariya sanaubweze.

Mwa mwambo wa Acewa mwana ndi wa kucikazi. Alowa m'mbumba ya amace, ndipo palibe mfumu kapena nkhoswe angathe kumuuza kuti apite kwao, pakuti kwao ndi pomwepo pamene panagwera mcombo wace. Tsono Yesu anabadwa mwa mkazi, ndipo mcombo wace unagwera pa nthaka ya Yudeya. Luka atiuza kuti anamkulunga m'nsaru, ndi kuti tsiku lacisanu ndi citatu anamdula monga mwana wamwamuna ali yense wa Ayuda. Ndilo tsiku limene mipingo yambiri ilikumbukira pa 1 Januwale. Atakwana masiku 40 anamka naye ku Yerusalemu, ulendo wa makilomita ngati 10 kucokera ku Betelehemu, napereka nsembe ya mbalame ziwiri. Owerenga Levitiko adziwa tanthauzo lace: mbalame ndizo zimene cilamulo cinaloleza mkazi wosakhoza kupeza mwana wa nkhosa. Banja la Mwini zoweta zonse linalibe nkhosa imodzi yakupereka.

Abale athu Angoni, amene awerenga pfuko kucimuna, asadandaule, pakuti Mateyu wawayalira mndandanda wa makolo kucokera kwa Abrahamu, kupyola Davide, kufikira Yosefe. Ndipo mndandandawo subisa kanthu. Muli Tamara, muli Rahabu wa ku Yeriko, muli Rute mlendo wa ku Moabu, muli mkazi wa Uriya amene Davide anamlanda. Ife pofotokozera ana za makolo athu tilumpha nkhani zotere. Iye sanafune mbumba yopanda banga. Analowa m'imene inalipo.

Koma cimene cindigwira mtima koposa ndico zaka zija zosalembedwa. Luka anena kuti Yesu anali wa zaka ngati 30 poyamba kulalikira, ndipo kucokera ubwana kufikira pamenepo tiri nayo nkhani imodzi yokha, ya ulendo wa ku Kacisi ali ndi zaka 12. Ndiri ku sukulu ya ubusa ndinkadandaula nako kukhala cete kumeneku. Tsopano ndiyesa kuti mulibe colembedwa cifukwa masikuwo anali monga masiku athu, amene palibe munthu awalemba. Anali mmisiri wa mitengo m'kamudzi ka Nazarete. Mmisiri alawira m'mamawa, anola zipangizo, akambirana mtengo ndi wogula, adikira malipiro, agona msana ulikuwawa. Gawo lalikuru la moyo wa Mpulumutsi wa dziko linathera pamenepo. Ndipo tsiku limene anaimirira kuphunzitsa m'sunagoge wa kwao, anthu anakhumudwa naye cifukwa anamdziwa, anadziwa amace ndi abale ace maina ao. Mlendo sapeputsidwa cotero. Cipongwe cotere ticisungira mwana wa pamudzi, amene tinamuona alikukwawa.

Ganizo la mkulu uja si latsopano. Makalata a Yohane acenjeza kale za aphunzitsi okana kuti Kristu anadza m'thupi. Anthu amenewa sanali onyoza. Anayesa kuti Mulungu ndi woyera koposa kuti nkukhudza mwazi ndi thukuta, cotero anati Yesu anangooneka ngati munthu. Ignatius, woyang'anira mpingo wa ku Antiokeya, anatengedwa m'maunyolo kukaphedwa ku Roma m'masiku a mfumu Trajan, amene analamulira kuyambira caka ca 98 kufikira 117. Ali pa njira analembera mipingo makalata otsutsa ciphunzitso cimeneci, ndipo mfundo yace inali yakuti, ngati zowawa za Ambuye zinali zongooneka, ndiye kuti iye mwini alikukafera cabe.

Pambuyo pace Apollinarius wa ku Laodikaya anabwera nalo ganizo lomwelo litabvala cobvala cina. Anabvomera kuti thupi la Yesu linali loona, koma anati analibe nzeru ya umunthu, popeza Umulungu unakhala m'malo mwace. Gregory wa ku Nazianzus anamtsutsa, ndipo tingaike mfundo yace m'fanizo la kwathu motere: mankhwala acita nchito pokhapo pamene afika. Ngati Kristu sanatenge maganizo a munthu, maganizo athu sanaciritsidwe. Ndipo ife tonse tidziwa kuti nthenda yathu yaikuru siri m'mwendo, iri kumene kukhala mantha, nsanje ndi nkhawa. Msonkhano wa ku Constantinople unakana ciphunzitso ca Apollinarius m'caka ca 381, ndipo wa ku Chalcedon m'caka ca 451 unabvomereza kuti Kristu ndi mmodzi, Mulungu weni-weni ndi munthu weni-weni, popanda kusakaniza ziwirizi kapena kuzilekanitsa.

Ndisawalakwire mkulu aja. Mantha ao anali ndi maziko, pakuti kuzolowera kupha ulemu, ndipo mpingo unalimbananso ndi Arius, amene anati Mwana ndi wolengedwa, numtsutsa ku Nicaea m'caka ca 325. Khanda la ku Betelehemu likadakhala khanda cabe, kulira kwace sikukadatithandiza kanthu. Ana olira tiri nao ambiri.

Ndipo pali funso lina lowawa, limene mnyamata wina anandifunsa m'kalasi: ngati anali Mulungu, kodi njala yace siinali yamasewera? Mfumu ikhoza kugwira khasu nkulima mzere umodzi kuti anthu aone, koma idziwa kuti nkhokwe zace nzodzala. Funsoli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Cimene ndiona ndi ici: mdierekezi anamuyesa pa mfundo yomweyi m'cipululu, kuti atsegule nkhokwe yace yobisika nasandutse miyala ikhale cakudya, ndipo Iye anakana. Anadyetsa khamu la anthu 5,000, koma palibe pamene tiwerenga kuti anacita cozizwa kuti akhute yekha. Pa citsime ca ku Samariya anapempha madzi kwa mkazi. Pa mtanda anamva ludzu, ndipo sanatsike. Mphamvu anali nazo, koma khomo lothawirapo analitseka ndi dzanja lace.

Tsiku la 25 Disembala silinalembedwe m'Mauthenga Abwino. Umboni wakale wakuti akristu analisunga ucokera ku Roma, m'caka ca 336. Kumeneko ndi nyengo ya cisanu ndi ya usiku wautali. Kwathu kuno ligwera pa dzinja, pamene cimanga ciri m'maondo, udzu ulikuthamanga m'minda, nkhokwe zambiri zaonetsa pansi, ndipo malungo ayamba kugwetsa ana. Ena adandaula kuti cikondwerero cifika pa nthawi yolakwika. Ine ndiyesa kuti palibe mwezi wina woyenera koposa. Mai amene acezera usiku ndi mwana wotentha thupi sapemphera kwa mlendo wofunika kumbisira umphawi wa m'nyumba. Akhoza kunena za ufa wotsala m'dengu ndi za mtunda wa ku cipatala, osacita manyazi kuti zinthuzi nzazing'ono.

Koma mbadwa iri ndi mangawa ace pa ife amene mlendo alibe. Mlendo adya tsiku limodzi. Wa m'mbumba adya masiku onse, ndipo ali ndi mau pa mirandu ya pamudzi. Ambuye mwini anacha anjala, odwala ndi andende abale ace, nati cocitira iwo cifika kwa Iye. Tsono lingalirani za ganyu. M'masabata omwewa, munthu wokhala ndi cimanga aitana mnansi wace wopanda cakudya kuti apalire, namdulira ndime yaikuru pa mbale imodzi ya gaga, podziwa kuti wanjala sakana. Mnansiyo asiya munda wace ulikumera thengo, ndipo caka camawa adzabweranso. Madzulo ace mwini cimanga akhala kutsogolo m'nyumba ya Mulungu, naimbira Mwana wogona modyera ng'ombe. Sindinena za anthu akunja; ndaziona m'mabanja a akulu a mpingo, ndipo munda wa mbusa nao supaliridwa ndi angelo. Tikanena kuti za Mulungu ndi za mzimu zokha, ndi kuti muyeso wa mbale ya ganyu ndi nkhani ya dziko, tagwirizana ndi aphunzitsi aja amene Ignatius anawatsutsa, ngakhale sitinamve konse mbiri yao.

Caka cotsatira ana anacitanso sewero lija. Pofuna mtendere ndinalola mau a mkulu aja, ndipo m'licero anagonekamo citsononkho cokulunga m'nsaru yoyera. Sicinalire, sicinafune bere, ndipo abusa a nkhosa analowa ndi zibonga zao popanda cobvuta. Mkulu aja anandigwira dzanja pakhomo nati zayenda mwaulemu. Mai mwini khanda lija anali atakhala kumbuyo, mwana wace ali kumsana, alikudya cala.