Kodi Choipa Chitsata Mwini Yekha?

Makolo athu pochenjeza ana ankati choipa chitsata mwini. Koma tikalingalira za nyanja ya Arctic, kumene madzi amauma gwa ndipo anthu ngowerengeka, mwambiwu uyenera kuunikidwanso. Pakuti m'chaka cha 2018 akatswiri a Alfred Wegener Institute, ku Germany, adalengeza kuti m'madzi oundana a kumeneko adapezamo tizidutswa ta pulasitiki toposa 12,000 mu lita imodzi, tambiri tosaoneka ndi maso. Ndipo mu 2022 enanso adatipeza m'chipale chofewa cha ku Antarctica, dziko limene maboma adapangana mu 1959 kuti likhale la mtendere.

Wochapa malaya a nayiloni, msodzi wotaya khoka lothaitha, ngakhale mmisiri wopaka utoto pa chombo, palibe mmodzi adalinga kudetsa malekezero a dziko. Komabe mafunde ndi mphepo zasenza zotsala za manja ao kufikira zalowa m'mimba mwa nsomba ndi mbalame zosalakwa. Nanga mlandu ukhala pa yani?

Chilamulo cha Mose, m'buku la Levitiko, chidaika nsembe ya tchimo lochimwa mosadziwa, kutiphunzitsa kuti kusadziwa kumachepetsa chilango koma sikufafaniza mangawa. Ndipo ife amene tamva tsopano, ngakhale chowiringula chimenecho tilibenso.